Nangula, Unyolo ndi Tulo ta Amalinyero

Lero tili pamadzi, ndipo nkhani yathu ndi ya nangula, chitsulo chija amachitsitsira pansi pa nyanja kuti ngalawa iime pamalo amodzi. Tikamba za nangulayo, za unyolo ndi chingwe chake, komanso za tizitsulo ting'onoting'ono tomwe timalumikiza zonsezi ku ngalawa.

Ngalawa yomwe ndikunena ndi ya matanga, yotalika mamita 10 kapena 12, yolemera matani 8 kaya 10, yomwe anthu amagonamo, kuphikamo, n'kumayenda nayo miyezi yathunthu kuchoka pachilumba ichi kupita pa icho. Ngalawa zotere n'zambirimbiri ku Mediterranean, ku Caribbean ndi kuzilumba za Pacific, ndipo zina zimakwera gombe la Mozambique kuchokera ku Durban ndi ku Richards Bay. Pa Nyanja ya Malawi n'zowerengeka. Komabe nangula si mlendo kwathu kuno. Amene anakwerapo Ilala akulidziwa phokoso lija la unyolo ukamatsika, poti kwa zaka zambiri m'malo ngati Nkhotakota ndi Likoma sitimayi inkaima patali ndi mtunda, anthu ndi katundu n'kumatuluka pa maboti ang'onoang'ono. Nthawi yonse yomwe matumba a ufa ndi njinga zikutsitsidwa, chogwira sitima yonseyo chimakhala chili pansi pa madzi.

Anthu oyenda maulendo ataliatali pangalawa za matanga, masiku omwe amagona pa nangula ndi ambiri kuposa omwe amachezera akuyenda. Madoko olipira ndi odula, ndipo kuzilumba zakutali kulibeko n'komwe. Ndiye kuti nyumba yawo, chuma chawo ndi ana awo, zonse zimatsamira pa chitsulo chimodzi usiku ndi usiku. Mukafuna kuutsa mkangano pakati pa amalinyero, ingowafunsani kuti nangula wabwino ndi uti. Akangana mpaka tambala woyamba. Ine ndimaona kuti mkanganowu umaphonya pomwe pagona nkhani. Dzina lolembedwa pa nangula lili ndi ntchito, inde, ndipo tifikako. Koma ngalawa zambiri zomwe zimapezeka zitagona chammbali pamchenga m'mawa, chozifikitsa pamenepo chimakhala china: unyolo wotsitsa mowumira, kachitsulo kolumikizira kotchipa, chingwe chomwe chakhala chikukhuzika usiku wonse, kapena malo oti munthu wanzeru sakanagonapo.

Tiyambe ndi funso lomwe mwana wa sukulu angafunse. Zitheka bwanji kuti chitsulo cha makilogalamu 20 chigwire ngalawa ya matani 10? Msodzi wa pabwato akamanga mwala kuchingwe n'kuuponya m'madzi, chomwe chikugwira ndi kulemera kwa mwalawo basi, ndipo pabwato n'zokwanira. Koma mwala woti n'kugwira ngalawa yaikulu palibe angaunyamule. Nangula iye amagwira pokumba. Ngalawa ikakoka, nsonga yake imalowa mumchenga kapena m'matope. Ikakoka kwambiri, iye amazama kwambiri, mpaka chomwe chikulimbana ndi mphepo chimakhala mchenga wonse womwe uli kutsogolo ndi pamwamba pake. Lamulo lake ndi limodzi: azikokedwa chogona, motsata pansi. Mukamukoka choimirira amazuka, ndipo m'mawa pochoka ndi momwe timamuzulira dala. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa zambiri zomwe ndinene zikuchokera pamenepo.

Nangula yemwe mumamuona pazipewa za asilikali a pamadzi, wa manja awiri opindika ndi chitsulo chopingasa pamwamba, ndiye wakale. Ku Britain amamutcha Admiralty kapena Fisherman. Pamiyala ndi paudzu wa m'madzi amagwira bwino popeza nsonga yake ndi yaing'ono, imapyoza. Koma mumchenga amafunika akhale wolemera kwabasi, ndipo dzanja limodzi limatsala kunja, lokonzeka kukola unyolo ngalawa ikazungulira. Kumusunga pangalawa yaing'ono nakonso n'chintchito.

Mu 1933 Geoffrey Taylor, katswiri wa masamu ndi sayansi wa ku Cambridge yemwe ankakondanso kuyenda pangalawa, anapanga nangula wotchedwa CQR. Ameneyu ndi pulawo yeniyeni, yokhala ndi mpini wotha kupotoloka uku ndi uku, ndipo kwa zaka ngati 50 ndiye anali kutsogolo kwa ngalawa zambiri zozungulira dziko. Cha m'ma 1940, Richard Danforth wa ku America anabwera ndi wake wa mano awiri aakulu, aphanthiphanthi, wopepuka koma wogwira modabwitsa mumchenga ndi m'matope. Pa Nkhondo Yachiwiri ya dziko lonse, maboti otsitsa asilikali pagombe ankamuponya kumbuyo asanagunde mchenga, kenaka n'kudzikoka naye pobwerera kuya. Vuto lake n'lakuti mphepo ikatembenuka amatha kuzuka osalowanso, makamaka kamwala kapena chibuma cha matope chikatsakamira pakati pa manowo. M'zaka za m'ma 1970 Peter Bruce anapanga wa zikhadabo zitatu, poyamba wogwirira nsanja zokumbira mafuta ku North Sea. Amalowa msanga, koma pa kilogalamu iliyonse mphamvu yake ndi yochepa, ndipo ang'onoang'ono ake ndi ofooka. Kenaka kunabwera Delta, pulawo yopanda popotolokera, yomwe ngalawa zambiri zatsopano zimatuluka nayo kufakitale.

Kusintha kwenikweni kunabwera anthu atadzifunsa funso lomwe mlimi aliyense akanawayankha kalekale. Pulawo anaipanga kuti izing'amba nthaka n'kumapita patsogolo, dothi likugwera uku ndi uku. Fosholo ndiye anaipanga kuti izisenza dothi. Nanga n'kuikiranji pulawo pomwe tikufuna chinthu chosasuntha? Rolf Kaczirek wa ku Germany, m'zaka za m'ma 1980, anaika chitsulo chopindika ngati uta pamwamba pa nangula wake wotchedwa Bügel, kuti ngakhale agwe chagada azidzigubuduza yekha, nsonga n'kuyang'ana pansi. Mfalansa wina, Alain Poiraud, m'zaka za m'ma 1990 anapanga Spade, wa nkhope yolowa m'kati, ndipo anathira mtovu kunsonga kuti kulemera kuzipanikiza pomwe pakufunika kuboola. Mu 2004 Peter Smith wa ku New Zealand anaphatikiza chitsulo chopindikacho ndi nkhope yolowa m'katiyo mu Rocna, ndipo Manson Supreme ndi Mantus ndi a banja lomwelo. Mu 2006 sitolo ya West Marine pamodzi ndi magazini a SAIL ndi Yachting Monthly anayesa anangula 14 kunyanja ya ku Santa Cruz, ku California. Pamchenga wolimba wa kumeneko CQR ankangokwekwereza osalowa, pomwe atsopanowa ankaluma msanga. Zoonadi kampani iliyonse imasankha mayeso omwe aikomera n'kumawalengeza, ndipo alipo achikulire omwe anazungulira dziko ndi CQR wawo osaona vuto. Amenewo amadziwa kumunyengerera kuti alowe. Koma munthu wogula lero ine ndingamuuze kuti agule wa mtundu watsopano, wachitsulo chokutidwa ndi zinki.

Wachitsulo chonyezimira chosachita dzimbiri uja ndi wokongola padoko, anzanu adzakuyamikirani, koma mtengo wake ndi wa mutu, ndipo mchenga suyang'ana kunyezimira.

Pa kukula kwake, opanga amasindikiza ndandanda yonena kuti ngalawa ya mamita akutiakuti ifuna nangula wa makilogalamu akutiakuti. Pangalawa yathu ija ndi pakati pa 15 ndi 20. Inu dumphani, mutenge wotsatira wake. Ngalawa yokhalamo anthu imalemera kuposa momwe inatulukira kufakitale: madzi akumwa, mafuta, zakudya za miyezi, masola padenga, kaboti kopachika kumbuyo, denga lansalu, zonsezi zimawonjezera kulemera komanso pomwe mphepo ingakankhe. Malire ake ndi awiri. Choyamba, winchi yanu yokwezera nangula, kapena msana wanu winchiyo ikafa, uzitha kumukweza. Chachiwiri, azikhala bwino pakagudumu ka kumphuno kwa ngalawa, chifukwa chitsulo chopindika chija pangalawa zina chimagundana ndi zotchinga za kutsogolo. Ena amadula katoni m'maonekedwe a nangulayo n'kukayesa kaye asanatulutse ndalama. Imeneyo ndi nzeru.

Nangula wachiwiri asakhale mapasa a woyamba. Akhale wa mtundu wina, kuti pomwe uyu walephera winayo athe. Ambiri amasankha Fortress, wa maonekedwe a Danforth koma wa aluminiyamu, yemwe mano ake mumawatchera pa madigiri 32 mukakhala pamchenga ndi 45 pamatope ofewa. Ubwino wake waukulu ndi kupepuka. Tsiku lomwe ngalawa yatitimira pamchenga, munthu mmodzi amamuika m'kaboti, kupalasa kupita kuya, kumuponya, n'kubwera kudzakoka ngalawa ndi winchi.

Tsopano tifike pa unyolo, pomwe ndalama zambiri zimalowa. Ntchito yake yoyamba ndi kupirira kukhuzika. Chingwe chikagona pamwala wakuthwa kapena pamatanthwe a korali a kunyanja zamchere, usiku umodzi ndi wokwana kuchidula. Yachiwiri ndi kulemera: unyolo umalendewera n'kugona pansi, motero nangula amakokedwa chogona monga tinanenera. Koma kulemera komweko kuli ndi mtengo wake. Mita imodzi ya unyolo wa mamilimita 8 imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, wa mamilimita 10 imapitirira makilogalamu awiri. Mamita 60 a unyolo wa 10 ndi makilogalamu oyandikira 140, anthu awiri akuluakulu okhala kumphuno kwa ngalawa ulendo wonse, ndipo pamafunde mphunoyo imangomira. Chinanso chomwe ambiri safuna kumva n'chakuti kulendewera kuja kumathandiza mphepo ikakhala yapakatikati. Namondwe akafika, unyolo umawongoka n'kukhala nga! kuyambira pangalawa mpaka pa nangula, kulemera kwake osathandizanso kanthu. Ndiye makilogalamu amene muli nawo ndi bwino kuwaika mwa nangula kusiyana ndi mu unyolo. Unyolo uli ndi magiredi, G30, G40 ndi G70, ndipo wocheperako thupi koma wa giredi yapamwamba umasenza katundu yemweyo. Koma musanagule, tengani chidutswa mukachiyese pa winchi yanu. Pali maunyolo awiri omwe onse amatchedwa a mamilimita 10, wa muyezo wa DIN ndi wa ISO, koma mfundo zake zimasiyana kutalika ndi mamilimita awiri okha. Kusiyana kwakung'onoko n'kokwana kuti unyolo uzidumphadumpha pa winchi, kapena kutsakamira pomwe mukufuna kuthawa.

Komwe pansi ndi mchenga, ngati madera ambiri a kummwera kwa nyanja yathu, mamita 10 kapena 15 a unyolo kenaka chingwe cha nayiloni n'zokwanira, ndipo thumba limapumako. Koma chikhale cha nayiloni, chomwe chimamira ndiponso chimatamuka. Chingwe chija chabuluu chodzaza m'misika chimayandama, dzuwa limachifumbutsa, ndipo boti la injini likadutsa usiku limachidula.

Nanga mutsitse wotalika bwanji? Apa ndi pomwe ngalawa zambiri zimatayikira, pa chinthu chosafuna ndi tambala yomwe. Muyese kuya kwa madzi, muwonjezere kutalika kwa mphuno ya ngalawa kuchoka pamadzi, kenaka muchulukitse kasanu ngati ndi unyolo, kasanu ndi kawiri ngati ndi chingwe. Madzi akuya mamita 5, mphuno mita imodzi pamwamba, pamodzi 6, kasanu ndi mamita 30. Munthu akaima kutsogolo n'kumaona unyolo ukutsika, mamita 15 amaoneka ngati ambiri, ndipo n'chifukwa chake amalinyero osamala amapaka penti kapena kumanga tinsalu pa mamita 10 aliwonse. Kunyanja zamchere muwerengerenso kukwera kwa madzi. Ku Beira, mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, madzi amatha kukwera mamita ngati 6 m'maola ochepa. Munaima pa mamita 4 madzulo, pakati pa usiku muli pa 10, ndipo unyolo womwe unali wokwana tsopano ukumuzula nangula. Panyanja yathu vuto limenelo palibe. Koma kulikonse kumbukirani kuti ngalawa imazungulira ndi mphepo. Unyolo wa mamita 30 ndi ngalawa ya mamita 12, ndiye kuti mbali zonse pafunika mamita opitirira 40 opanda mwala kapena ngalawa ya mnzanu.

Mphepo nayo ili ndi masamu ake. Liwiro lake likawirikiza kawiri, mphamvu yomwe ikukankha ngalawa imawirikiza kanayi. Likawirikiza katatu, kasanu ndi kanayi. Nangula yemwe anagwira bwinobwino pamphepo ya makilomita 30 pa ola, pa 60 akusenza katundu wochuluka kanayi, osawerengera mafunde. Ndipo mafundewo ndiwo oopsa. Mphuno ya ngalawa ikanyamuka ndi funde unyolo uli wowongoka kale, palibe chotamuka, ndiye mphamvu yonse imagwera pamodzi pa nangula ndi pa winchi. China chimagonja: nangula azuka, kapena winchi ichoka pamalo pake ndi mabawuti omwe. Mankhwala ake ndi otchipa. Ndi chingwe cha nayiloni cha mamita 8 kapena 10, chomwe amalinyero amachitcha snubber. Mbali imodzi mumakoleka pa unyolo, inayo mumamanga pachitsulo cholimba cha pangalawa, kenaka n'kumasula unyolo mpaka katundu yense atsalire chingwecho. Chisakhale chonenepa kwambiri, poti chonenepa sichitamuka. Pomwe chikudutsa m'mphepete mwa ngalawa muchiveke chidutswa cha paipi ya pulasitiki kapena chinsalu cholimba, ndipo usiku wa namondwe muzipita kukachiona ndi tochi. Nayiloni ikamakhuzika itakungika imatentha, ulusi wake umachita manyunyu, kenaka umasungunuka mmodzimmodzi.

Pakati pa unyolo ndi nangula pali kachitsulo kopindika kokhala ndi bawuti yopingasa, kotchedwa shackle. M'dongosolo lonse ndi kotchipa kuposa china chilichonse, ndipo ndi komwe anthu amatola kalikonse m'sitolo ya zipangizo. Kagulidwe koyenera ndi kofuna kolembedwa pathupi kulemera komwe kangasenze, ndipo mphamvu yakeyo isachepere ya unyolo. Mukamanga bawuti ija, lowetsani waya pakabowo ka kumutu kwake, muzungulize kuthupi la kachitsuloko kawiri kapena katatu, mupotokole ndi pulayala, nsonga ya wayayo muipindire m'kati kuti isadzakubayeni. Popanda wayayo, kugwedezeka kwa pansi pa madzi kumamasula bawuti pang'onopang'ono, ndipo m'mawa mumakweza unyolo wopepuka modabwitsa. Ena amaikaponso chozungulira chotchedwa swivel kuti unyolo usapotane. Ine sindichikonda. Chikamangidwa mwachindunji pampini wa nangula, ngalawa ikakokera chammbali, chimapindika pomwe sichinapangidwire kupindika. Ngati simungachite popanda icho, ikani mfundo zingapo za unyolo pakati pa icho ndi nangula.

Zonsezi zinaonekera pamodzi mu December 1982 ku Cabo San Lucas, kunsonga kwa Baja California m'dziko la Mexico. Ngalawa zambiri zinali zitaima mothithikana pafupi ndi gombe lopanda chotchinga, zina zili ndi nangula kutsogolo ndi kumbuyo. Madzulo ena mphepo inatembenuka n'kuyamba kuwomba kuchokera kunyanja kupita kumtunda, mafunde n'kumasweka pomwe ngalawazo zinali. Kutacha, zopitirira 20 zinali pamchenga. Imodzi inali Joshua, ya Bernard Moitessier, Mfalansa yemwe mu 1968 ndi 1969 anazungulira nayo dziko yekhayekha osaima paliponse. Lin ndi Larry Pardey, banja lodziwika polemba za maulendo a pangalawa, anapita kumeneko kukafunsa eni ngalawazo. Zomwe anapeza zinali zingwe zoduka pokhuzika, zipangizo za kutsogolo zogonja, zingwe zokulungika kumapiko a injini, ndi ngalawa zomwe zinakhukhuluzika n'kukagwera zinzake. Ambiri mwa opulumuka anali omwe anaima patali, kuya, ndi omwe anachoka msanga kupita pakati pa nyanja. Ngati zinamuonekera Moitessier, ife ndife yani?

Tibwere kwathu. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita opitirira 500, ndipo mwera ukamawomba miyezi yozizira umakhala ndi mtunda wonsewo wokuzira mafunde, afupiafupi koma oima. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inamira ndi namondwe kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 anafa. Aliyense woiyesa dziwe ayambe wamva zimenezo. Kusankha pogona kuno kumayamba ndi funso loti mphepo ichokera kuti usiku uno. Gombe la Chembe ku Cape Maclear limabisika ku mwera, koma mpoto ukabwera nyengo ya mvula limakhala poyera. Magombe oyang'ana kummwera ndi kum'mawa ndiwo amazunzika ndi mwera. Ndipo mvula ya mabingu imatha kutembenuza mphepo m'kanthawi kochepa; chakudza sichiimba ng'oma. N'chifukwa chake nangula wotha kudzikumbiranso yekha ngalawa ikazungulira ndi wofunika kuno monga momwe alili ku Pacific.

Cha kumpoto, ku Nkhata Bay ndi kupitirira, vuto ndi lina. Mapiri amatsikira m'madzi momwemo, ndipo nyanja imazama msanga, mpaka mamita ngati 700 pomwe yazamitsitsa. Mukaponya nangula potsetsereka, mphepo yochokera kumtunda ikakukankhirani kuya, nangula amakokedwa chotsika phiri, amazuka, n'kutsala akulendewera m'madzi opanda pansi. Pamalo otere amaponya nangula kuya, n'kubweza ngalawa chambuyo, n'kumanga chingwe kumtengo kapena kumwala wa pamtunda, kuti nangula azikokedwa chokwera phiri nthawi zonse. Pamiyala ya kuzilumba za Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984, funani pamchenga. Unyolo ukamakwekwereza pamiyala umapala ndere zomwe mbuna zimadya, ndipo nangula akalowa m'phanga mungamusiye konko. Ngati palibe kuchitira mwina, mangani kachingwe kumutu kwa nangula ndi chigubu choyandama, kuti akakana mumukoke chambuyo. Ndipo musanachite chilichonse, palasani mukapereke moni kwa asodzi. Afunseni mwaulemu kuti, "Bambo, pansi pano pali chiyani, nanga matchera mwatchera mbali iti?" Iwo pansi pa madzi amenewo amapadziwa kuposa mapu, ndipo nangula wokola ukonde wa munthu ndi mlandu. Usiku muyatse nyali yoyera yooneka mbali zonse, popeza maboti a usipa amayenda mumdima.

Katsitsidwe kake n'kotere. Mphuno iloze komwe mphepo ikuchokera, ngalawa iime. Nangula samuponya ngati mwala. Mumamutsitsa mpaka agunde pansi, kenaka ngalawa ikamabwerera m'mbuyo mumamasula unyolo pang'onopang'ono kuti uyalike mumzere, usaunjikane pamwamba pake. Wokwana ukatuluka, mangani, mudikire ngalawa iwongoke yokha. Kenaka injini chambuyo, poyamba monyengerera, kenaka mowonjezera, mpaka mphamvu ndithu kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Uku mukutero, wina aike dzanja pa unyolo kunja kwa kagudumu, zala zili kutali ndi winchi. Nangula akamakwekwereza, unyolo umanjenjemera n'kumadumpha, mumamva gudugudu m'chikhatho. Akaluma, umakungika, kutuluka m'madzi madontho akugwa, n'kukhala bata. Woyendetsa ayang'ane chammbali, asankhe mtengo wa pagombe ndi nsonga ya phiri kumbuyo kwake. Ziwirizi zikamasiyana, mukuyenda. Kwezani muyambirenso, ngakhale nsima ili pamoto. Ku Cape Maclear madzi ndi oyera, ndiye valani magalasi osambira mukamuone: wogwira bwino saoneka, mumangoona unyolo ukulowa mumchenga. Mafoni a masiku ano ali ndi mapulogalamu a GPS olira ngalawa ikachoka pamalo, ndipo ndi othandiza, koma ntchito yawo ndi kukudzutsani basi.

Mapeto a unyolo, m'kati mwa ngalawa, asamangidwe ndi bawuti. Amangidwe ndi kachingwe kolimba, kotalika moti kangatulukire pamwamba, ndipo mpeni uzikhala pafupi. Usiku womwe ngalawa ya mnzanu ikukutsikirani, kapena mafunde akula moti kukweza nangula sikutheka, mumamanga chigubu pa unyolo, kudula kachingweko, n'kuthawira kuya. Nangula mudzamutola kukacha.

Funso lomwe ena mukudzifunsa ndi loti zonsezi zigulidwa kuti. Anangula a mayina aja amachokera kunja, ambiri kudzera ku South Africa, ndipo chitsulo cholemera chonchi mtengo wonyamulira umaluma. N'chifukwa chake ambiri amapita kwa owotcherera. Nangula wa zala zinayi wopangidwa ndi zitsulo zomangira nyumba ali ndi ntchito yake: paboti laling'ono, masana, pamiyala, ndi wabwino, poti akakodwa mumakoka mwamphamvu chala n'kuwongoka. Koma kuwongoka komweko ndiko kumamuletsa kukhala wogonera. Wowotcherera waluso angathe kutengera maonekedwe a nangula wamakono, koma pali ziwiri zomwe maso saona pachithunzi: kupendekeka kwenikweni kwa nkhope poyerekeza ndi mpini, ndi mtundu wa chitsulo cha mpiniwo, chomwe kufakitale chimakhala cholimba kuposa wamba. Mpini wofewa ukapindika pang'ono, nangula amagona chammbali ndipo salowanso. Ndiye mpiniwo auonjezere thupi, ndipo akamaliza musathamangire naye pamadzi. Pitani naye pagombe pomwe mchenga uli wonyowa, mumugoneke chagada, mumange unyolo wautali kugalimoto, anthu onse aime patali chammbali, mukoke pang'onopang'ono. Azigubuduzika yekha n'kuzimirira mumchenga asanayende mamita awiri. Mutembenuze galimoto mukokere mbali ina, muone ngati alowenso. Akamangolima mzere pamwamba, mubwezereni kwa mmisiri akapinde nsonga.